Nthiti Zanga Padenga

Lolemba
Aphunzitsi a pasukulu yathu, aja owerenga magazini akale a azungu, andikhazika pansi kumsika. Akuti pakati penipeni pa Mlalang'amba pamachokera kuwala kosaoneka ndi maso, mkulu wake wa ekisire ya kuchipatala. Chaka china azungu amakupeza, chaka china kwazima. Akukusaka ndi makina omangirira ku mabaluni aakulu kuposa mzikiti. Ine m'sutikesi ndili ndi chithunzi cha ekisire cha chifuwa changa, cha ku migodi ya ku Joni. Ngati mng'ono analemba pamenepo, mkulu alephera bwanji?

Lachiwiri
Zida: chithunzi, miyala inayi, makwerero a Che Amidu oyandikana nafe. Ndachiyala padenga. Aphunzitsi akuti kuwalako sikusankha usana kapena usiku. Zili bwino, tulo tanga sindigulitsa. Mayi a kunyumba: "Mukagwa musanditchule."

Lachitatu
Dontho loyera pa nthiti yachitatu! Ndalemba m'kope. Azungu pepani, ife a kwa Kawinga kuno takupitirirani.

Lachinayi
Mvula m'mawa, dontho lachoka. Kuyaka ndi kuzima, ndendende. Masana madontho asanu, pambali pake njiwa ziwiri zikundiyang'ana. Ndafufuta za dzulo.

Lachisanu
Che Amidu afalitsa kuti ndili ndi mapu a misewu yopita ku Mozambiki, ndikuonetsa ndege. Uthenga wafika: a tcheyamani a chipani abwera mawa. Lero sindikuseka. Otengedwa pa nkhani zotere sabwerako msanga. Mayi andimangira kale bulangete ndi kapu.

Loweruka
A tcheyamani akweza chithunzi kudzuwa, akuchitembenuza uku ndi uku. "Msewu wokhotawu ukupita kuti, madala?" Ndati iyayi bwana, ndi nthiti imene inathyoka ndi mwala kumgodi. "Vulani malaya." Mudzi wonse uli pabwalo. Chala pachithunzi, chala pathupi, nthiti imodziimodzi. Akundigirigisha koma ndaluma mlomo, munthu saseka akufufuzidwa. Chala chaima pa chotupa cha nthiti yothyoka ija. Atsitsa chithunzi. "Valani. Ndipo muzidya."

Malaya ndavala iwo atakhota kale.

Lamlungu
Ndadzuka pamphasa yangayanga. Chithunzi chatsala kwa a tcheyamani, akuti zapadenga zithe. Zatha. Kumwambako kuyake, kuzime, eni mabaluni adzatiuza. Aphunzitsi andifunsa monong'ona zimene ndapeza. Ndati pa Mlalang'amba palibe, koma chipani chatsimikiza kuti nthitizi ndi zanga.