Chikwama cha Amai Zulu

Lolemba

Nkhani yoipa pa geti la sukulu. Amai Zulu, msungichuma wa komiti ya makolo, akuti: "Nalema, ba tate ba Tiza. Pa Sondo nizasiya."

Wachiwiri wawo ndine. Ndinavomera udindowu chifukwa anandiuza kuti ntchito ya wachiwiri n'kukhala pafupi ndi mabisiketi pamsonkhano, ndipo zaka ziwiri ndaigwira mokhulupirika. Akasiya, chikwama chawo chofiirira chija chibwera kwa ine. Loweruka langa la mpira litha!

Pulani: kuwapeputsira ntchito mpaka aiwale zosiya. Zimene zimawatopetsa:
kuyenda khomo ndi khomo m'Chilenje kutolera K100 ya temu,
kulemba malisiti,
makolo.

Zitatu zokha basi. Ndatenga buku la malisiti, kwa sabata ino yokha.

Lachiwiri

Nzeru zandibwerera m'minibasi. Bwanji munthu wamkulu azitha nsapato pamene ndalama zimayenda pafoni? Ndaika nambala yanga pagulu la makolo la pafoni.

Zimene ndalandira pofika 10 koloko: tizithunzi ta chala chachikulu makumi atatu, chithunzi cha maluwa, vesi, ndi mayi wina wotsatsa mazira. Ndalama, ng'o.

Masana foni yayamba kulira. Zikulowa! Amai Zulu andiimbira foni kuti lero agona masana, koyamba chiyambire temu. Ndikadakhala ndi chipewa ndikanadzivulira ndekha.

Lachitatu

Ndalama zilipo, eni ake kulibe. Makolo ambiri atumizira pa kabuthi ka ndalama za pafoni, choncho uthenga ukubwera ndi dzina la mwini kabuthi. Mayi mmodzi wa kabuthi ku Kabwata walipirira ana asanu ndi anayi, pamene kusukulu kwathu alibeko ngakhale mmodzi.

Ndataya nthawi ya nkhomaliro kukamufunsa. "Bantu ni bambili, bosi. Wina anavala chitenge." Zikomo kwambiri, mayi, mwandithandiza.

Ndathamangira kwa Amai Zulu. Iwo angoyang'ana foni kamodzi. Ya K97 ndi ba Mulenga, amene amachotsako yotumizira. Yam'mamawa kwambiri ndi nesi wina wa ku Chelstone. Yobwera pang'onopang'ono m'magawo ndi agogo a Chisomo. Andibwereka kabuku kawo kakuda kolembamo yemwe ali yani.

Ndi kabuku chabe. Ndibweza.

Lachinayi

Nkhuku mu ofesi! Amai Daka, ogulitsa pamsika, sakhulupirira zapafoni. Akwera mpaka pansanjika yachitatu m'tauni muno ndi tambala wamoyo m'manja. "Ba Zulu bamalandila. Balipilila mwana, nkhuku batenga."

Tambala wagona pansi pa desiki mwaulemu mpaka bwana atalowa. Pamenepo ndiye wakumbukira ntchito yake. Ndakhosomola mwamphamvu, koma palibe munthu amakhosomola chonchija.

Bambo wina wa ku Woodlands watuma dalaivala kuti lisiti lopanda chidindo si lisiti. Ndapitanso kwa Amai Zulu kukatenga chidindo. Andipatsa ndi inki yomwe.

M'minibasi, tambala ali pamiyendo, ndatsegula kabuku kakuda. Mayina ena ali ndi kamtanda pambali, ndipo pansi alemba kuti: osawafunsa pagulu. Mwana wotsiriza wa Amai Zulu anamaliza sukulu kalekale, koma iwo akadali pantchitoyi. Ndachita manyazi, kunena zoona. Mabisiketi onse aja!

Lachisanu

Tambala kulibe. Amake Tiza amuphika. Wakoma, koma K100 ya mwana wa Amai Daka yachoka m'thumba langa.

Patebulo pathu tsopano pali buku la malisiti, kabuku kakuda, chidindo, inki, ndi mulu wa timapepala. Amake Tiza ayang'ana n'kunena kuti: "Chasala chabe ni chikwama." Ndawafotokozera kuti iyi ndi pulani. Aseka mpaka kugwira khoma.

Madzulo ndakumana ndi Amai Zulu pamsika. Tsitsi latsopano, akudya chimanga chootcha, akuyenda pang'onopang'ono ngati mlendo wodzaona mzinda. Aoneka atsikana. Ndiye kuti pulani ikugwira. Ine ndathamangira kwathu kukawerenga timapepala.

Loweruka

Atsala makolo asanu ndi awiri, aja opanda foni kapena odziyesa opanda foni. Khomo ndi khomo, dzuwa lili pamutu, mpira ukuyamba.

Zimene ndapeza: tiyi makapu asanu, galu mmodzi wosachezeka, bambo wobisala kuseri kwa katani mapazi akuonekera. Chigoli choyamba ndachimvera pawindo la anthu. Chachiwiri ndauzidwa ndi galu uja, chifukwa tonse tinadzidzimuka ndi kukuwa kwa anthu.

Agogo a Chisomo amasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa gawo lomaliza, timapepala tofewa ngati masamba ofutsa. "Mulembe bwino zina ya mwana, azaione." Ndalemba ndi zilembo zazikulu, chidindo ndamenya kawiri. Mtima wanga wasangalala, sindibisa.

Buku lakwana! Mawa ndikawaonetsa kuti ntchito yapepuka, palibenso chifukwa chosiyira.

Lamlungu

Msonkhano m'kalasi ya giredi 4, tikuchokera ku tchalitchi, mawondo akugunda madesiki. Ndawerenga lipoti mokweza. M'manja!

Amai Zulu aimirira. Akuti mawu a Lolemba aja amanena temu iliyonse, anthu onse amadziwa, ndipo sasiya chifukwa panalibe womusiyira. "Koma iyi wiki naona na maso yanga. Manje ningapumule." Akupita ku Chipata kukaona mdzukulu amene sanamunyamulepo chibadwire. Akupukuta misozi. Amake Tiza akuombera m'manja kuposa onse.

Amai Zulu andikoleka chikwama paphewa. Chopepuka zedi, popeza zonse zinasamukira kale kwathu, ndipo ndinazinyamula ndekha. M'kati mwatsala cholembera chimodzi ndi mapiritsi a mutu.

Pafunika wachiwiri wanga. Onse akuyang'ana pansi, kupatula ba Mulenga a K97 aja, amene afunsa ngati ntchitoyo ndi yolemetsa.

Ndawasunthira mbale ya mabisiketi.