Mkonono Umene Unabweza Mbalame ku Tsangano

Amene akuti ine Ngozo ndine wabodza aimirire ndimuone nkhope! Ine, munthu woti ndinakumba golide ku Joni mpaka nsapato kusungunuka, ndinamizire ana ngati inu?

Unali mwezi wa Malichi, mvula ikutsazika. Mkamwini wanga Lakisoni amagwira ntchito yoperekeza alendo m'nkhalango yotetezedwa cha ku Tsangano, koma tsikulo malungo anamugwetsa, pamene kunabwera alendo ofuna kuona mbalame. Kuona chabe, osadya ayi! Abwana ake anali atanenetsa kuti alendowa akabwerera osakhutira, ntchito yatha. Mwana wanga Esinati, mkazi wa Lakisoniyo, analira, amvekere: "Bambo, kamuimirireniko, inu mbalame zimakudziwani."

Zoona zimandidziwa, paja ku Bwanje ndine katswiri woingitsa mbalame m'mpunga. Tinayenda monyang'ama, alendo atapachika magalasi oonera patali m'khosi, mpaka tinafika pamkuyu wodzaza mbalame zobiriwira, zofiira, zina za mchira wautali ngati mpini wa khasu. Mayi wina wa ku Lilongwe anayamba kuziwerenga ndi chimwemwe. Koma chizolowezi, abale! Pakamwa panga panangotseguka pokha: "Haaaa! Chokaaa!"

Mukumva? Mbalame zonse zinadzuka nthawi imodzi, dzuwa linabisika, nkhuku za pa Tsangano zinauluka ndi makola omwe, mazira a m'zisa anamera mapiko n'kutsatira amawo, mbalame zojambulidwa pachitenje cha mayi uja zinasomphoka n'kusiya mabowo, ndipo zonsezo zinaoloka malire kupita ku Mozambiki popanda chiphaso. Nkhalango inangoti zii. Alendo kukamwa yasa! Ine thukuta kamukamu, mtima uli pa Esinati: ndamuphera banja ndi pakamwa pangapa.

Apo ndinakumbuka kuti mbalame ya m'mpunga imaopa mlonda wamaso, koma ikamva mkonono imadziwa kuti phwando layamba. Ndinagona chagada pansi pa mkuyu, chipewa kumaso, n'kuyamba kuliza mkonono womwe unagwedeza mbatata zakachewere m'mizere mpaka kufukuka zokha, ndipo ndikulumbira pali malemu bambo anga, mbalame zija zinabwerera zitatenganso anzawo a Chipwitikizi, zinatera pamimba panga, pandevu, pazala zakumapazi, kadzidzi anabwera masanasana, nkhwali inaikira m'thumba la jekete langa, ndipo za pachitenje zija zinabwerera m'mabowo mwawo, kungoti imodzi inakhala chadodolido. Mukundimva inu? Alendo anajambula mpaka makamera kutentha, ndipo Lakisoni ntchito akugwirabe mpaka lero.

Mukufunsa kuti mbalame za Chipwitikizizo zinali zotani? Ndingadziwe bwanji ine, munthu ndinali mtulo tenitenito? Anandidzutsa ndi alonda a m'nkhalangomo dzuwa litapendeka. Mayi akunyumba nditawafotokozera sanadabwe n'komwe. Anangoti: "Tsopano ndadziwa chifukwa chake mpunga wa ku Bwanje sitinaulawepo."