Chinkhoswe cha Magalimoto Awiri

Usiku watha ndinalota zoti mpaka pano mtima ukugundabe, amwene. Iwe Ganizani, siya kaye sipanalayo umve.

Ndinali pa Biwi pompano, pagalaja pathu, koma pamene timaunjika matayala akale panali tenti ndi mipando yapulasitiki, azimayi akululutira. Ndiye wina anandinong'oneza kuti ndi chinkhoswe changa ndi Ndaziona, chibwenzi changa chija cha ku Kawale. Ine ndili mu ovolosi ya girisi, osasamba n'komwe. Mukudziwa mmene amachitira, kubweretsa atsikana ofunda zitenje kuti mwamuna aloze wake. Ndiye nyimbo inayamba, ine ndikudikira atsikana, mwadzidzidzi panalowa magalimoto awiri ofunda zitenje mpaka kumatayala, akuyenda mwamanyazi ngati anamwali.

Atawavundukula ndinangoti kukamwa yasa. Anali mahachibaki aja timawasirira pafoni, odula kumbuyo, aliwiro loopsa. Onse ofiira, msinkhu umodzi, magalasi akuda bii.

Nkhoswe yakuchikazi inali bambo wina wa yunifolomu wa kuofesi ya msonkho wa magalimoto. Anaimirira n'kulengeza kuti Ndaziona ali m'kati mwa imodzi. Imene ndiloze ndi yanga pamodzi ndi zonse zili m'menemo, yotsalayo aitenga Desmond, mwana wa bwana wathu uja amabwera kudzatsukitsa galimoto yosada.

Ndiye galimoto yakumanzere inatsokomola n'kuyamba kudzichemerera. Inati iyo imakoka ndi mawilo onse anayi, giya imasintha yokha, mvula ikagwa siterereka. Yakumanja inaseka ndi hutala.

"Achimwene, musamumvere uyo," inatero. "Ngolemera, komanso amamwa petulo ngati chidakwa. Ine giya yanga ndi yadzanja, mukandipondera mumadzimva kuti ndinu munthu."

Yakumanzere inayankha kuti wodzitamayo mabuleki ake amalira ngati mwana wanjala, ndiye zinayamba kutukwanizana, mawaipa akuuluka, azimayi akuwomba m'manja.

Ine ndinafunsa funso la umakaniko, loti injini ya iliyonse ili ndi mphamvu ya mahatchi angati. Bambo wa msonkho anati funso labwino, pajatu hachibaki ndiye kuti hatchi, n'kutsegula maboneti onse awiri. Amwene, munalibe injini. Munali mahatchi enieni, ang'onoang'ono ngati mbewa, othinana, akupuma utsi. Ndiye bamboyo anati izi tsopano ndi ziweto, ndionetse chilolezo choyendera ndi ziweto mumzinda. Akulankhula choncho khosi linayamba kufiira n'kulendewera, mwadzidzidzi anasanduka nkhukutembo, chipewa chili kumutu, akudzifufumitsa pakati pa bwalo.

Ndinathamangira kwa wapolisi wapamsewu amene ankayang'anira mwambowo kuti andithandize. Ndinapeza wasanduka bilimankhwe, diso lina pagalimoto iyi, lina pa inayo. Akatembenukira kwa Desmond ankabiriwira, akatembenukira kwa ine ankafiira ngati maloboti.

Apa ndi pamene magazi anawira. Desmond anangoyenda bwinobwino, manja m'thumba, kukatsegula chitseko cha iyi n'kusuzumira, kutsegula cha inayo n'kusuzumira, kenako kumwetulira. Nditati nanenso ndisuzumire, nkhukutembo inanditchinga ndi phiko, ati a manja a girisi amasankhira patali. Ndinakuwa kuti magiyabokosi amene ndatsitsa ine popanda wondiphunzitsa, Desmond sangathe ngakhale kuwatchula maina. Ndinafunsa ngati lamulo limeneli analilembera anthu onse kapena ine ndekha. Anthu anali kalikiliki kufupa.

Ndiye sipanala m'thumba mwanga inandigwedeza n'kundilangiza kuti ndisiye phokoso, ndigwiritse ntchito mutu. Ndinavomera. Ndinayamba kuwapanikiza magalimotowo ndi mafunso: za kilachi, za mashoko, za oilo, ngati zipangizo zake zimapezeka pa Biwi kapena mpaka kuitanitsa ku Joni. Ndinagwada kuyang'ana kunsi, ndinanunkhiza utsi, ndinagogoda matayala. Ndinafunsa mpaka alendo ena anamera imvi. Pomaliza ndinaloza ya giya yadzanja, chifukwa ikafa nditha kuikonza ndekha.

Nthungululu zinaphulika. Ndinatsegula chitseko. Pampando panali tambala wa chinkhoswe, atamanga lamba, akundiyang'ana ndi diso limodzi.

Mwadzidzidzi galasi la galimoto inayo linatsika pang'onopang'ono. Ndaziona anali pachiwongolero, duku lake lili bwinobwino, nkhope ili gwa.

"Lonjezo," anatero osakweza mawu, "wafunsa za kilachi, wafunsa za oilo, wanunkhiza ndi utsi womwe. Bwanji osangoitana dzina langa? Ndikanayankhatu."

Ndinayesa kumufotokozera za tsankho limene andichita pamaso pa anthu onse, koma m'kamwa munkatuluka maboti ndi manati okhaokha. Desmond anathamanga kuti akakhale pambali pake, Ndaziona anakhoma zitseko, kumusiya akukoka chogwirira. Anaponda moto n'kutuluka yekha pageti, zitenje zikuuluka kumbuyo.

Ndinaponya tambala panja, kulowa mu yanga ija, giya wani, thuu, firii, mahatchi akulira pansi pa boneti. Ndinkamuona patsogolo akulowera msewu wa ku Kawale, ndikumuyandikira ndithu, mpaka ndinayamba kumuitana dzina, mochedwa momwemo. Ndiye pamsewu panatukuka hampu, yaitali ngati chulu. Ya Ndaziona inadumpha. Yangayi, yofupika ngati fulu, inakwera n'kukakamira pamimba, mawilo akuzungulira m'mwamba, kunsi kukungomveka khwee, khwee, khwee.

Nditatsegula maso, anali a landilodi akukoka beseni lachitsulo pasimenti, pakhomo panga penipeni.