Chaja Yodutsa Khoma

Lolemba

Magetsi kulibe chipsereni thiransifoma ya mumzere mwathu. Foni yatsala ndi kamzere kofiira, pomwe a sitolo ya zitsulo m'tauni anati andiimbira sabata ino za ntchito. Nyumba yathu kuno ku Chiwaridzo ndi imodzi, khoma pakati: uku ine, uko achimwene ndi mkazi wawo Esinati. Uko kuli sola. Koma sindipondako chinenereni Esinati pamaso pa azimayi a kutchalitchi kuti Fomu 4 yanga inathera kusenda mbatata. Ndinalumbira. Kukatchajitsa kwa aneba ayi, mzere wonse ungadziwe kuti sitiyankhulana.

Nzeru ilipo. Mnzanga Rudo wandibwereka chaja yopanda waya, ija yongokhazikapo foni. Achimwene aimata kukhoma mbali yawo, ine ndigunditsa foni mbali yanga. Moto udutse wokha, ine osadutsa!

Lachiwiri

Achimwene amata chaja mkazi wawo ali kumsika. "Iwe ndi mlamu wakoyu mudzandipha," akutero akuvala nsapato za kumgodi. Ndagwiriziza foni kukhoma mpaka dzanja kuchita dzanzi. Foniyo ngakhale kuphethira, ayi.

Lachitatu

Ndi kamoto kotsiriza ndafufuza pa intaneti. Kani mafunde a chaja iyi sali ngati a wailesi oyenda mtunda wautali. Amangounjikana pa waya wokulungidwa m'kati mwakemo, ukatalikira pang'ono amafota msangamsanga, pofika utali wa chala atheratu. Mafunde aulesi! Foni yazima ndili pakati pa chiganizo.

Achimwene ayesa ndi foni yawo, ine ndikulamula pawindo zoti aike pakati:
chitenje, moto ukulowa
katoni, ukulowa monyinyirika
Baibulo, wakana

Njerwa ndi yokhuthala kuposa Baibulo. Basi, khoma lichepe.

Lachinayi

Ndabwereka tchizulo kwa Tinashe wokumba golide ku Kitsiyatota. Akufunsa ngati ndapeza mwala wabwino kuchipinda, akuti tigawane. Chitsiru.

Ndikusema pang'onopang'ono Esinati akamachapa panja. Fumbi m'tsitsi, m'bulangete, mu shuga. Khomali anamanga ndi malemu agogo atapuma kumgodi, ndipo simenti sanaiumire. Dzenje lafika pakati pa njerwa. Foni ili zii. Mwina akuimba pompano. Mwina aimba kale.

Lachisanu

Kulira kwa njerwa kwasintha, patsala pang'ono. Ndati ndimenye kamodzi kokha.

Njerwa yonse yagwera uko! Pamodzi ndi chaja ya Rudo ndi shelefu ya makapu a paukwati. Fumbi litatsika, pabowo pali nkhope ya Esinati. Sanakalipe. Bola akanakalipa, mayankho ndinali nawo okonzakonza. Wangoti, "Tete," monga aitanira mlamu wamkazi kunoku, "khomo lolowera lilipotu."

Ndatsekapo ndi pilo.

Loweruka

Chaja ya Rudo yang'aluka pakati. Achimwene adutsa pawindo osandiyang'ana.

Masana pilo wagwa. Pabowo patulukira waya wa chaja wamba, kutsetsereka pang'onopang'ono ngati njoka. Woukankha ndi Esinati. Ndauyang'ana mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinalumbirira phazi, za waya sindinanenepo kanthu. Ndalumikiza.

Foni itayaka, uthenga. A sitolo anaimba Lachinayi, mobwerezabwereza. Atenga wina.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite, nkhani ya makapu yafikako kale. Foni yadzaza, woimba palibe. Achimwene akuti simenti agula mwezi ukatha, ndiye bowo likhala. Ndikumva zonse: Esinati akuimba nyimbo za kwaya, akukazinga mazira, akusesa zidutswa za makapu mokweza dala.

Madzulo wafunsa pabowo ngati ndathana nawo waya. Ndati eya. Wafunsa kuti munthu wophunzira amati chiyani akathandizidwa. Ndati zikomo, maso ali kudenga. Wati sanamve, ndiyandikire.

Ndayandikira.