Dzungu pa Nsalu ya Mayi a Kunyumba

Lolemba
M'magazini yakale ya ku mishoni ndawerenga zodabwitsa. Nyenyezi yaikulu ikafa imasanduka dzenje lakuda lomeza chilichonse, ngakhale kuwala! Ana anga a Sitandade 6 kuno ku Makhanga ayenera kumva zimenezi. Zofunika: nsalu (thambo), dzungu (dzenjelo), masau (nyenyezi zing'onozing'ono). Ahedi akuti, "Za m'silabasi mwamaliza?"

Lachiwiri
Ndikufotokoza, ana ali kukamwa yasa. Ndikutembenuka kulemba pabolodi, pobwerera nyenyezi zonse zadyedwa. Zatsala njere.

Lachitatu
Mayi a kunyumba akukaniza nsalu. Ndabwereka ukonde wa asodzi. Masau akungodutsa m'mabowo, kalasi yonse fungo la nsomba.

Lachinayi
Ndasolola nsalu yopinda m'sutikesi ya mayi a kunyumba, osaitambasula. Ana agwira m'makona, dzungu pakati, nsalu yalowa. Masau akuzungulira, kuzungulira, mpaka gwa! Zatheka! Ana akukuwa, ine misozi. Kenako ndikuyang'anitsitsa. Ndi nsalu ya chipani. Dzungu lakhala pankhope penipeni pa mwini dziko. Wagwira kona ina ndi Marita, mwana wa atcheyamani a chipani. Mayo ine!

Lachisanu
Chakudya sichikulowa. Anthu amatengedwa pa nkhani zochepa kuposa iyi. Galimoto ikalira kumsewu, ndikusuzumira pazenera. Mayi akuti, "Munali kuti pogawa nzeru?" Andimangira bulangete, poti mwina abwera kudzanditenga.

Loweruka
Atcheyamani pakhomo. Ndawapatsa mpando.
"Muli tani, aphunzitsi? Marita akuti kumwamba kuli dzenje lomeza zinthu. Ndiye ine ndikhome malata panyumba yanga, kapena ndisavutike?"
Ndawatsimikizira kuti lili kutali zedi, akhome. Za nsalu sanatchule. Apita ndi dzungu.

Lamulungu
Basi, ndagonja. Sutikesi yakhomedwa loko, ahedi andiletsa zakumwamba, mawa tibwerera ku samu zogawa. Koma kalasi yonse inaiona nkhope ija ndipo palibe wapita nayo kwawo nkhaniyo. Ana awa ndimawakonda. Potuluka m'tchalitchi ndapeza Marita pansi pa mtengo, atagwiritsa tiana ta Sitandade 1 thumba la thonje, mwala pakati. Wandifunsa kuti m'kati mwa dzenjemo muli chiyani. Ndamuuza kuti palibe akudziwa, ngakhale olemba magazini.
Marita akuti, "Chabwino, ndidzakuuzani ineyo."