Diresi la zitenje za eni ake

Lolemba

Kwatsala masiku asanu. Loweruka kuli shawa ya ukwati wa Memory, mwana wa amalume, ku holo ya ku Mpingwe. Wapampando wa komiti ndi Tadala. Tadala yemwe uja! Amene tsiku lomwe amalume anandibweretsera makina osokera anaseka pamaso pa alendo n'kunena kuti, "Koma mwapeza tebulo labwino loikapo TV." Papita zaka zitatu ndi miyezi iwiri. Anavala bulauzi yachikasu, anaima pafupi ndi furiji. Sikuti ndimasunga zinthu kukhosi ayi, ndimangokumbukira bwino.

Ndiye Loweruka ndikalowa m'holo ija nditavala diresi losoka ndekha. Osati la nsalu yatsopano yomwe aliyense angagule pa Limbe. La zitenje zakale, zolemera m'manja, zija zosasuluka ngakhale uzichape kangati. Akandifunsa kuti wakusokera ndani, ndidzangoti, "Tebulo la TV." Ndayeserera kale pagalasi. Kanayi.

Zitenjezo zili m'sutikesi yabuluu pansi pa bedi la amayi. Ndawapempha m'mawa akuthamangira kuntchito ku Makata. Ayankha osatembenuka n'komwe: "Tenga, tenga, zangokhala izo." Ndikulemba pano kuti ukhale umboni. ANATI TENGA.

Ndasankha zisanu ndi chimodzi:
- cha matelefoni akale aja a chingwe: chakumtunda
- cha nkhanga
- cha maambulera
- cha mawotchi
- cha makiyi
- cha nsomba

Zisanu zomalizazo ndi siketi, chilichonse chidutswa chake, kuyambira m'chiuno mpaka mu akakolo. Ndayeza, ndalemba ndi choko, ndadula. Sizasi ikuchita kuimba!

Lachiwiri

Magetsi azima kuyambira m'mawa. Azime! Makina anga ndi opalasa ndi mapazi. Simbi ndi yamakala.

Msana ukuwawa, chala ndabaya kawiri, koma pofika folo koloko diresi laima. Ndalivala. Ndazungulira. Nkhanga zikuthamangitsa maambulera, maambulera akuthamangitsa mawotchi. Mulungu wanga, ine ndemwe ndasoka ichi?

Ndajambula n'kuika pa sitetasi ya pafoni. Ndalemba pansi pake kuti: "Zakale sizitha."

Aona anthu ambiri. Tadala waona, sanalembe kanthu. Nsanje imam'tseka munthu pakamwa.

Madzulo uthenga wamawu kuchokera kwa azakhali a Esinati, achemwali a bambo: "Iwe, nkhanga zimenezo ndazionetsetsa. Mawa usachoke, ndikubwera." Kasitomala woyamba! Ndipo ndi azakhali, munthu amene sanayamikirepo chilichonse chiyambire dziko. Ndatsuka makapu a alendo.

Lachitatu

Si kasitomala.

Afika seveni koloko, thukuta kamukamu, osayankha ndi moni yemwe. Aloza siketi: "Chitenje ichi ndinawabwereka mayi ako kuchipatala tsiku limene iwe unabadwa. Anakukulungamo. Mpaka lero!"

Zaka makumi awiri ndi zitatu! Munthu wamkulu, wa zidzukulu, kusunga nkhani ya chitenje zaka makumi awiri ndi zitatu! Anthu ena mitima yawo ndi masutikesi.

Ndati, "Koma azakhali, ndadula kale." Iwo: "Ngakhale chitsale ngati sitampa, n'changa."

Ndiye ndakhala pampando ndi lezala, kumasula msoko umodzi umodzi, iwo akumwa tiyi m'kapu ya alendo ija. Shuga masupuni anayi. Pochoka atenga:
- chidutswa cha pa siketi
- chotsala cha m'sutikesi
- tizidutswa tapansi, tomwe atola okha
- mabanzi awiri

Siketi ili ndi mpata ngati mkamwa mwa mwana wogweluka mano.

Amayi abwera madzulo. Ndawafotokozera nditaima, manja m'chiuno. Avula nsapato mosafulumira. Akuti, "Sindinabe ine. Ndinasunga. Anabwerapo kudzafunsa?" Kenako: "Komanso unakodzeramo iwe wemwe. Ndikanabweza bwanji chili choncho?"

Ndiye mlandu ndi wanga. Ndili ndi tsiku limodzi lobadwa.

Ndafunsa kuti zinazo n'zawo kapena ayi. Akuti, "Zili m'nyumba mwanga." Limenelo si yankho. Ndawauza kuti si yankho. Apita kukasamba.

Lachinayi

Ku Limbe, pa kaunjika, kukafuna chotseka mpata. Minibasi yodzaza, wina wandipana chala chomwe ndinabaya dzana chija. Ndavundukula milu itatu. Madiresi a anthu aatali ngati mitengo ya magetsi, majuzi onunkha chinyezi, nsalu ya patebulo yokhala ndi dontho la supu ya kunja. Kenako katani yobiriwira, yokhuthala, yamaluwa. Wogulitsa akuti, "Sisi, iyi inali m'hotela yaikulu, dzuwa lenilenilo limaiopa." Ndagula. Chidutswa chimodzi chokha, kumbuyo, adzaona ndani?

Ndikufika kunyumba, pakhonde pakhala amake Fatsani, aneba athu ochokeranso kwathu, foni m'manja. Azakhali atumiza chithunzi changa ku gulu la pafoni la amayi akumudzi kwathu ku Nsanje. Gulu lonse! Ndi mawu akuti aliyense ayang'ane chake.

Amake Fatsani ayang'ana, apeza ziwiri.

Cha maambulera: anawabwereka amayi pa maliro ku Bangula, mvula itawanyowetsa. Cha mawotchi: n'cha malemu achemwali awo, ndipo ponena zimenezi ayamba kulira. Misozi ikutuluka diso limodzi, linalo likuyeza nsalu. Ungakangane bwanji ndi malemu?

Lezala. Msoko. Lezala.

Akundiuza akupinda zidutswa zawo: "Koma umasoka bwino, mwanawe. Mpaka kuvuta kumasula." Zikomo kwambiri!

Tsopano katani si kumbuyo kokha. Ndi kumbuyo, kumanzere, ndi pang'ono kutsogolo.

Ndachotsa sitetasi. Ngati kutseka khola mbuzi zili kale m'munda mwa eni.

Amayi akuti chitenje chobwereka pamaliro sabweza msanga, zimaoneka ngati ukufulumizitsa maliro ena. Ndafunsa kuti mwambo umenewu ndi wakuti. Akuti ndine mwana wa m'tauni, sindingadziwe.

Lachisanu

Amayi anyamuka kusanache bwino. Akuti kuli ovataimu. Chiyambire ntchito sanagwirepo ovataimu Lachisanu.

Naini koloko, amayi abusa. Ndi Baibulo. Ati tiyambe tapemphera. Ndagwada pa simenti yozizira, iwo akupempherera "onse amene manja awo amalandira msanga koma amachedwa kubweza." Ameni ndanena ndekha, wolakwa ali ku Makata!

Cha makiyi n'chawo. Anawabwereka mayi anga pa msonkhano wa amayi ku Zomba, chaka chimene denga la tchalitchi linasasuka. Akuti anakhululuka kalekale. Akhululuka, koma abwera ndi jumbo.

Leveni koloko, foni yochokera ku Nsanje. Mlamu wawo wa amayi, mawu ngati wailesi: "Nsombazo mum'patsire kondakitala wa basi ya mawa!" Sanafunse n'komwe kuti tadzuka bwanji.

Zotsala pa siketi yanga: palibe. Ziro. Msoko wa m'chiuno ndaumasula kasanu, ndausoka kasanu, nsalu yayamba kuoneka ngati sefa.

Ku Limbe kachiwirinso. Katani yobiriwira inatha. Kwatsala yofiirira, ya mizeremizere, yokhala ndi mphete zachitsulo zija zolowetsamo ndodo. Wogulitsa wandizindikira: "Sisi, nyumba yanu ili ndi mawindo angati?" Ndamulemba mumtima.

Nsalu yachepa, ndiye mphetezo sindingazidule, siketi ingafupike. Zakhala m'munsi. Ndikamayenda zikulira, ngwe ngwe ngwe. Ndi sitayilo. Ndanena kuti ndi sitayilo!

Kwatsala chakumtunda chokha, cha matelefoni. Amayi atabwera ndawaimika pakhomo: "Amayi, lumbirani." Achiyang'ana nthawi yaitali. Akuti, "Chimenecho n'changa." Ndapuma. Awonjezera ali kale kukhitchini: "Ndikuganiza."

Loweruka

Ndalowa m'holo mutu uli m'mwamba. Ngwe ngwe ngwe. Anthu atembenuka, zimene ndinkafuna, koma osati motere.

Amayi a gulu lija andizungulira ngati apolisi a pamsewu. Wina wagwira mkono wa diresi, wina wasuzumira pakhosi, wina watembenuza mpendero kuti aone mkati. Azakhali a Esinati akhala kutsogolo, kumutu amanga duku. La nkhanga. Msoko wanga ukuonekabe m'mbali mwake!

Tadala wabwera ndi mbale ya makeke, wavala chitenje cha komiti pamwamba pa diresi logula. Akuti, "Eee asisi, mwatchena! Koma kunyumba mawindo atsala osavala?"

Yankho langa lili pakamwa, lokonzeka kuyambira Lolemba. Palibe amene wafunsa kuti wandisokera ndani. Palibe! Aliyense akudziwa.

Kenako mayi wina wachikulire wa kuchimuna, amene sindinamuonepo chibadwire, wavala magalasi n'kundiyandikira pachifuwa. Akuti, "Matelefoniwa ndikuwadziwa ine. Mayi ako ndani?" Ndayang'ana kumene kunali amayi. Mpando wokhawokha, ndi botolo la fanta losatha.

Mwamwayi ayitana achibale a Memory ku perekaniperekani. Ndathawira m'bwalo. Ndati ngati n'kufa ndife ndikuvina. Ndavina ndithu, mphete zikuthandiza ng'oma, anthu akukuwa, Memory akuseka mpaka kupukuta maso. Ndiye ndawerama kuti nditsike nayo nyimbo.

Kweee!

Msoko wa m'chiuno. Kumbuyo konse. Katani yatseguka, holo yonse yaona kunja kuli bwanji.

Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Chimene ndikudziwa n'chakuti wina wafika mothamanga, wamasula chitenje chake, wandikulunga, wamanga mfundo m'chiuno mwanga, n'kupitiriza kuvina pambali panga ngati ndi mmene tinapanganirana.

Tadala.

Sanaseke. Ndamuyang'anitsitsa, ngakhale pakona pa mlomo, sanaseke. Wangondinong'oneza kuti, "Usadandaule, udzabweza ukapeza mpata."

Anam'pempha ndani? Pa anthu onse a m'holo muja, azakhali alipo, amake Fatsani alipo ndi zitenje ziwiri zimene ndawamasulira ndi manja anga, wondifunditsa n'kukhala iyeyo? Zaka zitatu ndi miyezi iwiri ndikukonzekera munthu woipa, iye n'kubwera ndi chifundo pagulu! Mwano woposa pamenepa ulipo?

Lamulungu

Sindinapite kutchalitchi. Mutu. Komanso amayi abusa.

Chakumtunda cha matelefoni chapita. Amayi achiika m'jumbo m'mawa, akuti akadutsira ku Kanjedza "kukaona wodwala". Wodwala wake amavala magalasi.

Makatani ndawamasula komaliza, ndawapachika pawindo la kuchipinda kwanga. Akukwana ndendende. Dzuwa likuwaopadi.

Makina ndawatsekera m'bokosi lake, ndafunditsa kansalu. Pobwera kosamba ndapeza amayi aikapo wailesi. Wailesi, osati TV. Pali kusiyana.

Chitenje cha Tadala ndachapa, ndayanika pamthunzi, ndasita mbali zonse ziwiri. N'chabwino, ndisaname. Cholemera m'manja, cha mbalame zabuluu, chija chosasuluka. Watumiza uthenga masana: "Uli bwanji lero? Chitenje usathamange nacho."

Chabwino. Sindithamanga nacho.

Ndachipinda kanayi. Ndalowa kuchipinda kwa amayi, ndakoka sutikesi yabuluu. Muli malo ambiri tsopano.

Potembenuka, amayi aima pakhomo, jumbo yopanda kanthu m'manja. Ayang'ana chitenje, ayang'ana ine. Ndadikira ulaliki.

Akuti, "Ika pansi penipeni, njenjete zisachipeze."

Ndaika pansi penipeni. Akachifuna adzabwera kudzafunsa.