A Nekisiti ndi Benchi Lawo

Tsiku la ukwati wa mwana wawo, bambo ena ometa tsitsi anagona tulo m'tchalitchi. Abusa atangomaliza kudalitsa banja, iwo anadzidzimuka n'kukuwa, "Nekisiti!" Mkwati anatuluka thukuta, apongozi anakwiya mwezi wathunthu, koma dzina linawakanirira mpaka kumanda.

Chingelezi chawo chonse chinali mawu amodzi amenewo, oitanira wotsatira pamzere. Koma ankawagwiritsa ntchito ngati mpeni wa kukhitchini. Ukawanamiza, "Nekisiti," ndiye kuti bodza lako latha, bweretsa lina. Mkazi wawo akayamba kulalata, "Nekisiti," motsitsa, maso pansi. Ukawauza za maliro, ankayamba aimitsa lumo, n'kunena mawuwo pang'onopang'ono akuyang'ana benchi la odikira kudzera pagalasi. Apo anthu ankasiya kuseka.

Benchilo anakhoma ndi akalipentala, ndipo Loweruka lililonse ankakhalapo achitatu. Oyamba okonza mawotchi, achiwiri adalaivala, kenako akalipentalawo. Kudumpha mzere kunalibe.

"Achimwene, ndili ndi changu lero."

"Changu chikhale pabenchi. Inu ndinu achitatu."

"Nanga mutu wa adalaivalawu muli chometa?"

"Ndikufunafuna. Khalani."

A Nekisiti atamwalira, kachipinda kawo kometeramo anakatseka momwemo, mpando, galasi ndi nsalu yoyera zili m'malo mwake. Patatha miyezi iwiri okonza mawotchi anatsatira. Anthu anati ndi ukalamba. Mvula isanathe, adalaivala anagwa akutsuka galimoto, osadzukanso. Akalipentala anawerenga pa zala, anafika pa chala chachitatu, n'kubisa dzanja m'thumba.

Kuyambira pamenepo lumo silinawakhudze. Tsitsi linakula ngati tsache, utuchi n'kumangamo nyumba. Ankazungulira njira yakutali kupewa chitseko chija, ndipo kuchipatala namwino akaitana wotsatira, iwo ankauza wakumbuyo, "Pitani ndinu, bambo."

Loweruka lina masana anaiwala, miyendo n'kuwatengera konko. Msewu unali zii, wopanda wailesi ya a Nekisiti, wopanda wokunyoza mutu ukudutsa. Anasuzumira pawindo. Fumbi linali paliponse, koma nsalu inali yoyalidwa bwino pampando, ndipo pabenchi malo achitatu okha ndiwo anali opukutidwa. Anamva fungo la sopo wometera. Chodabwitsa, pamodzi ndi mantha anamvanso kusowa mnzawo.

Anabwerera chambuyo mpaka kugunda tebulo la mayi wosoka zovala pakhomo loyandikana.

"Mlamu, mwaona mzukwa?"

"Andikonzera malo," ananong'ona. "Awiri apita. Wotsala ndine."

Mayiyo anadula ulusi ndi mano, n'kuwayang'ana kuyambira kutsitsi mpaka kumapazi.

"Inu, mwaiwala mmene ankachedwera bambo aja? Mutu umodzi nkhani khumi. Panopa adalaivala sanawamalize n'khutu limodzi lomwe. Kameteni uko, mukuopseza ana."